Ndiwo Zabwino Ziri M'munda Mwanu

Acikumbe ambiri akakolola amagulitsa mtedza ndi nyemba zonse pamodzi ndi fodya, ndipo pofika October banja ligula ndiwo tsiku ndi tsiku. Uku nkulakwa. Nsima ikhutitsa mimba, koma comanga thupi la mwana ciri m'nyemba, nandolo, mtedza ndi nsomba.

Sungani thumba limodzi la mtedza wa m'makoko. Mvula isanathe amai afutse nkhwani ndi citambe, kuti m'cilimwe azitendera ndi nsinjiro. Koma mtedza wa cuku autaye, pakuti uononga ciwindi. Mgaiwa uposa ufa woyera, cinkana abambo ena aunyoza.

Mukatero, ndalama zocepa za pa mlungu zidzangogula mcere ndi usipa wodya kawiri. Usipawo ana adye ndi minga yomwe, popeza ilimbitsa mafupa.