Mneni -yenga ndi Kafotokozedwe ka Kuyenga Siliva ndi Magetsi m'Cinyanja

1.0 Mau oyamba

Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi sadziwika ndi siliva. Amadziwika ndi cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Koma Vubwi, amene anapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, wachukanso ndi golide amene anthu wamba amasefa m'mitsinje ndi kukumba m'maenje. Golide wa m'nthaka sakhala yekha. Kawirikawiri amakhala wosakanikirana ndi siliva, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene wogula amatsitsira mtengo. Motero mwana wa wokumba golide akafunsa mphunzitsi kuti zitsulo ziwiri zogwirana cotere zimalekanitsidwa bwanji, funsolo licokera kunyumba, ndipo liyenera kuyankhidwa m'cinenero ca kunyumbako.

M'pepala lino tatenga njira imodzi, ya kuyenga siliva ndi magetsi, imene anthu ena maiko akunja amacitira ngakhale panyumba. Tifuna kuona ngati Cinyanja cingaifotokoze. Ganizo lathu ndi lakuti maina a zipangizo tingabwereke popanda vuto, koma aneni tili nao kale, ndipo ngozi ili pa mau athu omwe amene timaganiza kuti tiwadziwa bwino.

2.0 Tanthauzo la -yenga

Taonani ziganizo izi:

(1) Makolo athu anali kuyenga citsulo m'ng'anjo.
(2) Ambuya ayenga mafuta a nsatsi.
(3) Alimi ayenga mafuta a mpendadzuwa ndi makina.

Mu (1) ndi (2) muli moto. Mu (3) mulibe; njere zimangofinyidwa, ndipo makina oyendetsa ndi manja ocitira nchito imeneyi anadziwika kuno kum'mawa ndi dzina lomweli lakuti Yenga. Izi zitionetsa kuti moto si mbali ya tanthauzo la mneniyu. Cimene cili mu ziganizo zonse zitatu ndi kutulutsa cinthu cofunika m'kati mwa cina cimene cagwirana naco kotheratu, kotero kuti manja kapena licero sizingathe kuzipatula. Apa -yenga asiyana ndi -peta ndi -sefa, amene apatula zinthu zongokhalira pamodzi, asiyananso ndi -sula, amene asintha maonekedwe a citsulo osacotsamo kanthu.

Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anagwiritsa nchito -yenga ponena za siliva, monga pa Malaki 3:3, ndipo zotsalira zake anazicha mphala. Njira ya masiku amenewo inali yosungunula siliva pamodzi ndi mtovu ndi kuuzira mpweya pamwamba, mpaka mtovu utapserera ndi kutenga zitsulo zina zosafunika. Njirayi sicotsa golide. Ngati tsono -yenga safuna moto, palibe cotiletsa kunena kuti magetsi ayenga siliva.

3.0 Mmene magetsi amayengera siliva

Njira imeneyi inakhazikitsidwa m'mafakitale ndi Bernhard Moebius m'caka ca 1884. Woyenga amatenga mtsuko wagalasi nathiramo madzi amene asungunuliramo mcere wa siliva. Mcere umenewu si wa m'ndiwo. Umapangidwa poika siliva mu asidi wa naitiriki. M'madzimo amamiza zitsulo ziwiri zosakhudzana. Coyamba ndi cigumu ca siliva wosayengeka, cokulungidwa m'kathumba ka nsalu yothithikana, ndipo cimalumikizidwa ku mbali ya batire yolembedwa +. Dzina lake ndi anodi. Caciwiri ndi mbale ya citsulo cosacita dzimbiri, yolumikizidwa ku mbali yolembedwa –, ndipo dzina lake ndi kathodi.

Magetsi ofunika ndi oyenda njira imodzi, monga a m'batire, osati a pakhoma amene amapita ndi kubwerera. Mphamvu yake ikhale yocepa, mavoti awiri kapena atatu. Batire ya galimoto, ya mavoti 12, iposa muyeso kutali. Magetsi akayamba kuyenda, atomu iliyonse ya siliva pa anodi imataya elekitironi imodzi ndi kulowa m'madzi. Ku kathodi siliva wa m'madzi amalandira elekitironi nabwerera kukhala citsulo, namera pa mbaleyo ngati timibulu tonyezimira tokhala ndi nthambi. Anodi imanka nidyeka, kathodi imanka nilemera. Ampeya imodzi ikayenda kwa ola lathunthu imasamutsa siliva wokwana magalamu 4.

Zitsulo zina zimene zinali m'cigumu zimatsata njira ziwiri. Golide salowa m'madzi amenewa. Amagwera m'kathumba ngati matope akuda. Mkuwa umalowa, ndipo ndiwo umasandutsa madzi kukhala obiriwira ngati thambo, koma sufika pa kathodi cifukwa siliva ndiye amafulumira kulandira elekitironi. Mkuwa ukaculuka kwambiri m'madzi, kapena mphamvu ya magetsi ikakwera, nawonso umayamba kumera pa kathodi ndipo nchito yaonongeka. Zikayenda bwino, timibulu tija tikatsukidwa ndi kusungunulidwa pa madigiri 962 timapereka siliva wa magawo 999 pa 1000.

Tinene pano kuti golide wa mumtsinje sangaikidwe m'kathumba mmene alili, popeza mwa iye golide ndiye woculuka ndipo amachinga siliva. Oyenga amayamba amuonjezera siliva pamoto mpaka golide atatsala gawo limodzi mwa magawo anai kapena kucepera apo.

4.0 Mau atatu osokeretsa

4.1 -sungunuka

M'ndime zapitazi tagwiritsa nchito mneni mmodzi pa zinthu ziwiri zosiyana:

(4) Mafuta asungunuka pamoto.
(5) Mcere wasungunuka m'madzi.

Mu (4) cinthu colimba casanduka camadzimadzi cifukwa ca kutentha, ndipo cikazizira cidzalimbanso. Mu (5) cinthu camwazikana m'kati mwa cina, ndipo kuzizira sikucibweza. Kukhichini kusiyana kumeneku sikuvutitsa munthu. Pa kuyenga siliva zonse ziwiri zimacitika tsiku limodzi kwa citsulo cimodzi, ndipo wophunzira akamva kuti "siliva wasungunuka pa anodi" amafunsa, moyenera ndithu, kuti moto wake uli kuti m'madzi ozizira.

Ena angafune kuti tibwereke mneni wa Cingerezi. Ife sitiona cifukwa. Mphatikiri -ir- amalola mneni kutenga malo opitako, monga mu -gwera m'dzenje ndi -thawira kuphiri. Tikanena kuti siliva asungunukira m'madzi, khutu la Mnyanja limamva kuti madziwo ndiwo amulandira. Tingasunge -sungunuka wopanda mphatikiri kaamba ka moto, ndi -sungunukira kaamba ka madzi kapena asidi. Tivomereza kuti pakamwa pa anthu malire amenewa si okhwima. Koma mau a sayansi m'cinenero ciliconse ndi mau wamba amene ophunzitsa anagwirizana kuwamangira mpanda.

4.2 -yera

Mneni uyu wasenza katundu wambiri: mtundu wa ufa, kusowa litsiro, ndi ciyero ca m'chalichi. Tikalemba kuti woyenga athire madzi oyera, wowerenga adzatunga pamjigo. Madzi a pamjigo ndi a pampopi amakhala ndi klorini kapena mcere pang'ono, ndipo zimenezi zikakumana ndi mcere wa siliva madzi amacita mbuu ngati mkaka, siliva nagwa pansi. Madzi ofunika ndi aja amene anawiritsidwa, nthunzi yake nizizidwa ndi kudontha. Palibe mudzi m'maboma atatuwa umene sudziwa nchito imeneyi: ndi kucheza, monga achezera kacasu. Tinene tsono madzi ochezedwa. Amene amaonjezera madzi m'batire ya sola amawadziwa kale.

Cimodzimodzi, siliva woyera ndi mau osathandiza, pakuti siliva aliyense ndi woyera pomuona. Anthu amachula siliva ciliconse conyezimira motuwa. Masheleni a ku Britain amene anayendapo m'dziko lino apereka citsanzo cabwino: opangidwa cisanafike caka ca 1920 anali ndi siliva magawo 925 pa 1000, a pakati pa 1920 ndi 1946 anali ndi theka, ndipo a kuyambira 1947 analibe siliva konse, ngakhale onse amaoneka oyera. Mau oyenera ndi siliva woyengeka.

4.3 mphala

Mphala ya pang'anjo imatayidwa. Matope otsala m'kathumba ka anodi ndiwo okhala ndi golide, ndipo nthawi zina mtengo wake uposa wa siliva amene wayengedwa. Kuwacha mphala kapena zinyalala ndi kuuza wowerenga kuti akawataye kudzala. Dzina labwino ndi nsenga, zija zimadikha pansi pa mtsuko (sitikunena anansi athu a ku Petauke), popeza dzinali linena za malo a cinthuco, osaweruza mtengo wake.

5.0 Maina obwereka

Anodi ndi kathodi si mau a Cingerezi ca makolo. Michael Faraday anawafalitsa m'caka ca 1834 atathandizidwa ndi William Whewell, amene anawaumba kucokera ku Cigiriki. Tanthauzo lake ndi njira yokwera ndi njira yotsika. Mwana wa ku London amawaloweza monga momwe awalowezera wa ku Sinda. Ndiponso kathodi si mlendo kwenikweni m'Zambia: mkuwa wa ku Mufulira umayengedwa ndi magetsi m'njira yofanana ndi imene tafotokozayi, umagulitsidwa kunja ndi dzina lomweli, ndipo nsenga zake zimakhala ndi siliva ndi golide. Kubwereka maina a zitsulo tinayamba kale. Siliva ndi golide ndi mau obwera, ndipo ndalama ndi mau ocokera ku dirihamu, khobidi lasiliva la Aarabu. M'Cishona ndarama ndi golide.

Cofunika kugwirizana ndi gulu la maina. Siliva, golide ndi asidi akhazikika m'gulu 1a (siliva wake, asidi wamphamvu). Anodi ndi kathodi taziika m'gulu 9 (anodi yadyeka), potsata mbale ndi batire, ndipo zambiri zake zikhale maanodi ndi makathodi.

6.0 Kuocha si kuyenga

Okumba golide ambiri m'Africa amagwiritsa nchito mekyule. Citsulo camadzimadzi cimeneci cimameza timibulu ta golide mumcenga. Kenaka kampira kake kamaochedwa pamoto, mekyule nauluka ngati nthunzi yosaoneka imene imaononga ubongo, mitsempha ndi impso za woipuma. Pangano la Minamata la 2013, limene Zambia analivomereza, lifuna kucepetsa mcitidwe umenewu. Potsata tanthauzo limene tapeza mu 2.0, nchitoyi si kuyenga: mekyule amameza golide pamodzi ndi siliva wake, ndipo cotsala pamoto cikhalabe cosakanikirana. Wolemba timabuku ta zaumoyo alembe kuocha, kuti wowerenga asaganize kuti utsi umenewu ndiwo ukweza mtengo wa golide wake.

Njira ya magetsi nayonso ili ndi zoopsa zake zofuna mau omveka. Asidi wa naitiriki akamadya siliva kapena mkuwa amatulutsa utsi wofiirira umene umaononga mapapo, ndipo munthu angayambe kubanika patapita maola angapo atacoka pamalopo. Mcere wa siliva umadetsa khungu ndi kupweteka maso. Madzi obiriwira otsala amapha nsomba, kotero sayenera kuthiridwa m'dambo kapena pafupi ndi citsime. Pocenjeza za utsi wofiirira, mau akuti utsi paokha ndi ofooka kwa munthu wophikira nkhuni tsiku ndi tsiku. Tilembe utsi wa poizoni.