Musathamangire Kuika Nsomba M'thanki Yatsopano

Nsomba zoweta m'thanki ya galasi zikamafa, kawirikawiri zimafa m'mwezi woyamba, madzi akuoneka oyera mbee. Ana amalira, makolo n'kumati wogulitsa anawapatsa nsomba zodwala. Komatu nthawi zambiri si matenda. Nsombazo zimaphedwa ndi zoipa zotuluka m'thupi mwawo momwemo, chifukwa madzi anali asanakonzeke kuzilandira.

Nsomba ikamapuma ndiponso ikachita chimbudzi imatulutsa amoniya. Chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya yemweyo. M'nyanja madzi ndi ochuluka, koma m'thanki ya malita 60 poizoniyu alibe kopita, ndipo amawotcha ziwalo zimene nsomba imapumira. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya abwino amene amamera pa siponji ya m'fyuluta, pamiyala ndi pamchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa, ndipo timamuchotsa posintha madzi. Vuto n'lakuti mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono. Kuti achuluke mokwanira pamapita masabata 4 mpaka 6, nthawi zina kuposerapo.

Choncho thanki iyambe yakhala yopanda nsomba. Ikani pamalo olimba ndi osapendekeka, kutali ndi dzuwa la pawindo kuti ndere zisachuluke. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 60, kuphatikiza miyala ndi galasi, ili ngati munthu wamkulu wakhala pakatebulo usana ndi usiku. Tsukani mchenga ndi miyala ndi madzi okha, opanda sopo, ndipo ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, osati yochapira.

Nkhani ya madzi imatichititsa kaye kaphuma ife amene timayenda m'makomo kulimbikitsa anthu kuthira klorini m'madzi akumwa. Klorini amene amatiteteza ku kolera sasankha: amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe, ndipo nsomba nazo amazivulaza. Madzi akumwa pitirizani kuwateteza monga mwa masiku onse. Koma madzi a pampopi opita m'thanki muziwathira mankhwala ochotsa klorini, amene amapezeka kogulitsa nsombazo. Kuwasiya m'ndowa yosavundikira kwa masiku awiri kumathandizanso, ngakhale pali mtundu wina wotchedwa chloramine umene suchoka mwa njira imeneyi.

Mukadzaza madzi, yatsani fyuluta ndipo isamazimitsidwe. Tsiku lililonse ponyanimo kachakudya ka nsomba kongotsina ndi zala ziwiri, ngati mukudyetsa nsomba zosaoneka. Kakawola kamatulutsa amoniya, amene ndi chakudya cha mabakiteriya aja. Masiku oyambirira madzi akhoza kuchita mbuu ngati mwagwera dontho la mkaka. Musakhuthule, amayera okha. Ngati pali mnzanu amene ali ndi thanki yakale ya nsomba zathanzi, mupempheni chidutswa cha siponji ya m'fyuluta yake, muthamange nacho chili chonyowa. Chimadula masiku odikira kuposa china chilichonse.

Maso sangakuuzeni kuti madzi akonzeka. Pamafunika timankhwala toyezera madzi, ndipo ife timaona kuti ndalama imeneyi ndi yofunika kuposa ya zokongoletsa. Poyamba amoniya amakwera, kenako amatsika pamene nitrite akukwera. Zonse ziwiri zikafika pa 0 kwa masiku angapo motsatizana, nitrate n'kuyamba kuoneka, sinthani theka la madzi ndipo ikani nsomba zochepa, zitatu kapena zinayi. Zina mudzawonjezere pakapita masabata awiri.

Funso limene ambiri amafunsa ndi la mbuna. N'zomveka, poti tinsomba ta m'miyala ya Nyanja ya Malawi timeneti timawetedwa m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America, ndiye eni ake tilekerenji? Koma mbuna n'zandewu, iliyonse imafuna phanga lake, moti zimafuna thanki ya malita pafupifupi 200 ndi miyala yambiri. Wofatsako pang'ono ndi wachikasu uja, Labidochromis caeruleus, wochokera cha ku Nkhata Bay. Pa thanki yaing'ono yambani ndi ma guppy. Madzi akhale ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 28, choncho amene ali kumalo ozizira ngati ku Dedza kapena ku Mzuzu adzafunika hita m'miyezi ya June ndi July.

Magetsi akazima kwa maola ambiri, nsomba ndi mabakiteriya omwe amasowa mpweya. Tungani madzi a m'thanki ndi kapu n'kumawathiramonso kuchokera m'mwamba, kangapo pa ola, ndipo tsiku limenelo musadyetse. Nsomba zazikulu sizifa ndi njala ya tsiku limodzi.

Thanki ikakhazikika, ntchito yake ndi yochepa. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena opanda klorini. Siponji muziitsukuluza m'madzi amene mwachotsawo, osati pampopi, apo ayi mwapha mabakiteriya amene munawadikira mwezi wathunthu. Madzi otsalawo kathirireni ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba.

Musanapise dzanja m'madzi, zulani mapulagi onse. Payipi yochotsera madzi musaikoke ndi pakamwa, ndipo amene ali ndi bala padzanja asagwire madziwo. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, ana nawonso. Nkhono ndi zomera zotola kumtsinje kapena m'mbali mwa nyanja zisalowe m'thanki, chifukwa nkhono zina za kumeneko ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo.