Chilatini ndi mabuku akale a pagombe la Metangula

Mnyamata wina wachizungu, amene kwawo akuchita digiri yachiwiri ya Chilatini, anatsika chapa yochokera ku Lichinga n'kugona pa Metangula. M'mawa mwake, akuonerera amayi akuyanika usipa, anauza mphunzitsi wina wa pomwepo kuti dera lino n'lokongola, koma munthu wokonda mabuku akale angafe nayo njala. Aphunzitsiwo sanamutsutse mlendo. Anangomufunsa ngati anafikako ku Messumba.

Kwawo kwa mnyamatayo zida zilipo, zimenezo palibe angakane. Ku Oxford munthu amatha miyezi 9 akusanthula ndakatulo za Virgil ndi Horace, akuyerekeza mipukutu yolembedwa pamanja kuti apeze pamene wokopera wina anaphonya chilembo. Ku Munich kuli dikishonale ya Chilatini yotchedwa Thesaurus Linguae Latinae, imene anaiyamba mu 1894, ndipo mpaka lero sanaimalize. Kupirira kwake n'kogometsa, komatu ndi ntchito ya chilankhulo chimene palibe mayi amatonthozera nacho mwana.

Ntchito yofananayo inachitika pagombe lomweli, ndipo inachitikira m'ngalawa. William Percival Johnson, m'mishonale wa Anglican wa gulu la UMCA, anali wophunzira wa ku Oxford komweko. Anafika kunyanja kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1884 nthenda ya maso inamusiya akuona pang'ono chabe ndi diso limodzi. Ndi diso limenelo, akuyenda mudzi ndi mudzi pa sitima ya Charles Janson, kenako ya Chauncy Maples, ankamasulira Malemba. Chinyanja sanabadwe nacho. Amene ankamuwongolera, kumuuza kuti apa anthu satero, anali aphunzitsi ndi akhristu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, anthu amene mayina awo ambiri sanalembedwe pachikuto. Baibulo lonse la Chinyanja cha kunyanja linatuluka mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika lisanatuluke. Oxford inamupatsa Johnson digiri yaulemu mu 1911. Anzake aja sanalandire kanthu.

Nanga bambo Yohana Abdallah? Wansembe Wachiyao ameneyu, amene anatumikira zaka zambiri ku Unangu m'chigawo chomwechi cha Niassa, ankawerenga Chigiriki, anakayendako ku Yerusalemu, ndipo mu 1919 linatuluka buku lake la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao. Analilemba m'Chiyao pofunsa akuluakulu. Kumpoto kwa Metangula, ku Cóbuè, kunali St Michael's College yosula aphunzitsi, ndipo sukulu ya mishoni ya Messumba inatulutsa anthu ophunzira amene anabalalika mpaka ku Lourenço Marques.

Chilatini chenicheni nachonso si chachilendo. Agogo achikatolika anachimva pa Misa mpaka msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965 utalola zilankhulo za anthu. Mwana wa Metangula amene amalankhula Chinyanja kunyumba, Chiyao pamsika ndi Chipwitikizi m'kalasi, tsiku lililonse amasintha aneni a chilankhulo chobadwa ku Chilatini, ntchito imene wophunzira wa ku England amatuluka nayo thukuta.

Kutsidya kwa nyanja, Kamuzu Banda anafuna kutengera Ulaya yense wathunthu. Anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, ndipo ku Chancellor College ku Zomba Caroline Alexander anakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro amenewa. Mayiyu ndi yemwe anadzamasulira ndakatulo ya Chigiriki ya Iliad m'Chingerezi mu 2015. Zinali zabwino ndithu, koma ndalama zonsezo zinapita kwa alembi akale a ku Ulaya monga Cicero, osati kwa Abdallah.

Pamenepa ndiye pali njala yeniyeni. Chinyanja cha m'Baibulo la 1912, nyimbo zakale za ku Likoma ndi Messumba, ndi makalata a aphunzitsi oyambirira zikufunika munthu woziwerenga mwa luso lomwe lija la ku Munich, chilembo ndi chilembo. Zolemba zambiri za UMCA zimasungidwa ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Mwana wa ku Messumba wofuna kulembapo digiri ayenera kuyamba wapeza pasipoti, viza ndi ndalama ya ndege.