Ndani adzajambula agogo a m'madimba a Mwanza?

Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atadula mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, zithunzi zake zidayenda m'mafoni a dziko lonse dzuwa lisanalowe. Aliyense adaona simenti itathyoka, anthu akuoloka madzi ali m'chifuwa, katundu ali pamutu. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, makamera adatsikanso ku Chikwawa. Umu ndi momwe Chigwa cha Shire chimaonekera pa kanema: madzi akasefukira, njala ikavuta, anthu akafola pamzere kulandira chimanga. Madzi akaphwera, ojambula amakwera Thabwa kubwerera ku Blantyre.

Koma madzi akaphwera m'pamene nkhani yeniyeni ya kuchigwa imayamba. Pamatope omwe mtsinje wasiya, agogo amatuluka ndi khasu n'kuyamba dimba. Amadziwa pomwe chinyontho chikhalitse mpaka Okutobala, pomwe pakwiririka mchenga wosabereka kanthu, ndi kuya kwa phando loti chimanga chifike pa dothi lonyowa. Chilimwe chikakula, Mwanza n'kusanduka mchenga wokhawokha, amadziwa pofukula kuti madzi atuluke. Amasunga mbewu ya mapira ndi mchewere yomwe siigulitsidwa m'sitolo ina iliyonse. Zonsezi zili m'mutu mwawo ndi m'manja mwawo, ndipo gogo mmodzi akatisiya, zimalowa naye m'manda.

Luso limeneli si ladzulo. Bishopu Charles Mackenzie, yemwe adakwera Shire ndi David Livingstone mu 1861, adabwera ndi maganizo odzaphunzitsa anthu ulimi, koma ataona minda ya Amang'anja adavomera kuti eni dziko adaudziwa ulimiwo kumposa iye. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala adafunsa nkhalamba zambiri za kuchigwa n'kulemba mabuku awiri, Work and Control in a Peasant Economy la 1990 ndi The End of Chidyerano la 2005. M'menemo akuonetsa kuti moyo wa kuchigwa udatsamira pa minda iwiri: mphala, yodalira mvula, ndi dimba, lodalira mtsinje. Mvula ikakana, dimba limapulumutsa mudzi. Mabukuwo ndi amtengo wapatali, koma ali m'Chingerezi, ndipo mdzukulu wa kwa Chapananga sangamvemo mawu a agogo ake kapena kuona momwe dzanja lawo limagwirira mbewu.

Tili nacho chitsanzo cha mlimi wa dimba yemwe mbiri yake siidafe. Malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha adayamba mu 1982 ndi kamunda ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, padambo lomwe ena ankaliona ngati lachabe, kufupi ndi Lumbadzi m'boma la Dowa. Adakumba ngalande zoti madzi aziyenda okha popanda injini, adadyetsa nthaka manyowa m'malo mwa feteleza, mpaka munda wa Tikondwe Freedom Gardens udakula kwambiri. Yunivesite ya Malawi idawapatsa digiri yaulemu, ndipo atamwalira banja lawo lidapitiriza ntchito. Komabe tisaiwale kuti munda wa a Chinkhuntha uli kufupi ndi Lilongwe ndi bwalo la ndege, komwe alendo, ophunzira ndi atolankhani amafika mosavuta. Gogo wa m'mphepete mwa Mwanza, kuseri kwa nkhalango ya Majete, kufupi ndi malire a Mozambique, palibe yemwe amangomudutsira.

Ndani tsono angamujambule? Ine ndikuona kuti ntchitoyi ndi ya ophunzira athu a utolankhani ndi zamafilimu, a ku MUBAS, ku Malawi Institute of Journalism, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, makamaka ana a kuchigwa komweko omwe amamva Chimang'anja ndi Chisena mopanda womasulira. Ambiri amafunika kupanga kanema asanamalize maphunziro, ndipo amasankha nkhani za m'tauni chifukwa ndi komwe thumba lawo likufika. Chowaletsa si luso ayi. Ndi ndalama ya thiransipoti, chakudya, malo ogona, maikolofoni yabwino ndi posungira zomwe ajambula. Ndiponso dimba silijambulidwa Loweruka limodzi. Uyenera kukhalapo pobzala, kubweranso pa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pomwe kuchigwa kumapyola madigiri 40, kubweranso pokolola, n'kudzaonanso mtsinje ukadzaza. Ndi chaka chathunthu cha maulendo pa kabaza ndi pamatola.

Mafilimu awiri odziwika a anthu a kumudzi a ku Malawi adathandizidwa ndi msonkhemsonkhe wa pa intaneti. William and the Windmill, ya Ben Nabors, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, idasonkhetsa ndalama pa Kickstarter ndipo mu 2013 idapata mphotho yaikulu pa chikondwerero cha SXSW ku America. The Ants and the Grasshopper, ya Raj Patel ndi Zak Piper, yomwe idatuluka mu 2021, imatsata Anita Chitaya, mlimi wa ku Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, kuchoka m'munda mwake mpaka ku America kukawauza eni ake za kusintha kwa nyengo. Ntchitoyo ili koyambirira idapemphako thandizo pa Indiegogo. Onse ndi mafilimu abwino. Koma otsogolera mafilimuwo adali akunja, osonkha ambiri adali akunja, ndipo oyamba kuonera adalinso akunja. Wophunzira wa kuno kwathu sangangotsegula tsamba lake pa Kickstarter kapena GoFundMe, chifukwa Malawi sali m'gulu la mayiko omwe makampaniwa amalola kuyambitsirako zopempha. Amafunika m'bale kapena mnzake wokhala ku Britain kapena ku America, ndipo ndalama imayamba yagona m'manja mwa wina.

Njira yathu ilipo, ndipo tidaiona ikugwira ntchito. Mu Januwale 2021, Covid-19 itafika poipa m'zipatala, mlembi Onjezani Kenani adapempha Amalawi pa Facebook kuti asonkhe ndalama zogulira zipangizo za mpweya. Anthu adapereka, a m'dziko muno ndi akunja, ena zochepa kwambiri, kudzera ku banki, Airtel Money ndi Mpamba. Chidawakoka mtima n'chakuti ankaona poyera zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. Kusonkherana sitikuphunzira lero: timachita pamaliro, paukwati, m'banki m'khonde, m'chipereganyu cha amayi a pamsika. Pa gulu la WhatsApp la ana a kwa Chapananga omwe ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndalama ya maliro imasonkheka usiku umodzi. Tikanasonkhako kachigawo kochepa chabe gogo akadali moyo, akadali ndi mphamvu zofotokoza.

Wophunzira wofuna kuyenda njira imeneyi ayambe ndi zomwe ali nazo. Apite kamodzi ndi foni, ajambule mphindi ziwiri gogo akulankhula m'dimba mwake, chifukwa anthu sasonkhera lonjezo, amasonkhera nkhope ndi mawu. Alembe bajeti yoti aliyense aione. Nambala yolandirira ndalama isakhale ya munthu mmodzi wopanda womuyang'anira; pakhale mphunzitsi kapena wamkulu wa mpingo wotsimikizira. Ulendo uliwonse ukatha, anene zomwe zapita.

Pali china chomwe chimandikhudza kuposa ndalama. Anthu a kuchigwa ajambulidwa kwambiri osafunsidwa, ali m'misasa, ali ndi chisoni, nkhope zawo n'kukapemphera thandizo lomwe ena sadalione. Wojambula dimba asadzachitenso zomwezo. Ayambe wafika kwa nyakwawa, akhale pansi ndi banja, afotokoze komwe kanemayo akaonetsedwe. Gogo akati izi musajambule, kamera itsike. Tsiku lomwe wamuchotsa pa khasu liwerengedwe m'bajeti, pakuti limenelo ndi ndiwo za pakhomo. Ndipo pomufunsa asathamangire zoti akudandaula chiyani kapena akupempha boma chiyani. Amufunse kuti: "Agogo, mbewu iyi mudaitenga kwa yani? Chaka cha njala mudadya chiyani? Mtsinjewu unkadutsa pati muli mwana?" Mayankho a mafunso otere ndi omwe alangizi a zaulimi akuwasowa lero, pomwe ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikuyembekezeka kusintha kalimidwe ka kuchigwa.

Kanemayo akatha, ayambe kuonetsedwa kumudzi komweko, pabwalo la sukulu, m'chilankhulo cha eni ake, mawu a Chingerezi akhale olembedwa m'munsi kwa owafuna. Kope imodzi isiyidwe kubanja, ina ku sukulu ya m'deralo, ina ikasungidwe ku National Archives ku Zomba. Kenako ipite kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi pa Dyeratu ndi pa Nchalo, kuti iyende m'mafoni a alimi anzawo.