MATAUNI A DZIKO LATHU: LIMBE, MWANA WA NJANJI NDI FODYA

Munthu wokwera basi kuchokera ku Blantyre kupita ku Limbe masiku ano sangathe kuloza ndi chala pamene Blantyre wathera ndi pamene Limbe wayambira. Kuchokera pa Ginnery Corner, kudzera pa Chichiri mpaka pa Maselema, nyumba ndi mafakitale zidangogwirana manja. Koma makolo athu ankadziwa kuti awa ndi matauni awiri, otalikirana mamailosi 5, ndipo pakati pawo padali thengo ndi minda.

Mbiri ya Blantyre ana asukulu amaidziwa bwino popeza ili m'mabuku: amishoni a ku Scotland m'chaka cha 1876, dzina la kwawo kwa David Livingstone, tchalitchi cha St Michael and All Angels. Koma mukawafunsa za Limbe amangoti kukamwa yasa. Sitingawadzudzule anawo. Limbe sadabadwe ndi mishoni kapena boma, zinthu zimene zimakonda kulemba mbiri yawo. Adabadwa ndi njanji ndi fodya, ndipo anthu ake adabwera kudzafuna ntchito.

Njanji isadafike, katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dera la mapiri a Shire ankayenda pamitu pa amtengatenga, kuchokera kumadooko a mtsinje wa Shire. M'chaka cha 1908 kampani ya Shire Highlands Railway idamaliza njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kukafika ku Blantyre. Sitima isadatsikire ku Blantyre inkayamba yaima pamalo okwera, pafupi ndi kamtsinje kotchedwa Limbe. Pamenepo eni njanji adamangapo likulu lawo pamodzi ndi nyumba zokonzeramo sitima. Chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yokonzera fodya m'mbali mwa njanjiyo, kufupi ndi minda ya Azungu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Zomba. M'chaka cha 1909 Limbe adakhazikitsidwa kukhala tauni payekha, patapita zaka 14 Blantyre atalandira ulemu womwewo.

Kuyambira pamenepo, njanji ikatalika, Limbe ankanenepa. M'chaka cha 1935 udatsegulidwa mlatho waukulu wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara, motero sitima idayamba kuyenda kuchokera ku Beira mpaka ku Limbe popanda kuolotsa katundu pamadzi. Chaka chomwecho njanji idafikanso ku Salima. Kenaka mu 1938 udatsegulidwa msika wa okushoni wa fodya. Tsono taganizani, awerengi: fodya wochiza ndi utsi wolimidwa ndi mlimi wa ku Dowa kapena ku Lilongwe ankayenda ulendo wonsewo kuti mtengo wake ukadziwike ku Limbe. Mpaka lero kampani ina yaikulu ya fodya ikutchedwa Limbe Leaf, ngakhale kuti mtima wa malonda a fodya udasamukira ku Kanengo ku Lilongwe.

Nanga anthu ake adali ndani? Apa mpamene pali nkhani yokoma. Eni nthaka akale adali Amang'anja, ndipo Ayao adawapeza m'zaka za m'ma 1860. Alomwe adayamba kulowa mwaunyinji cha m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, nakhala m'minda ya Azungu pansi pa thangata. Sitima idabweretsa Asena a kuchigwa, ndipo masukulu a mishoni adatumiza makalaliki, ena mpaka ochokera kumpoto. Palibe mtundu ndi umodzi womwe umene ungadziguguda pachifuwa kuti Limbe ngwawo. Pamsika munthu ankaitanira malonda m'Chinyanja, nakambirana mtengo m'Chiyao, nanong'oneza mkazi wake m'Chilomwe. Ana obadwira m'makomboni ndiwo adasakaniza zonsezi, ndipo Chichewa chimene aphunzitsife timalimbana nacho m'makope, chija timati "cham'tauni", mbali ina chidaphikidwa m'miphika yotereyi.

Sitingakambe za Limbe osatchula Amwenye. Ambiri adachokera ku Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu, ndipo adamanga masitolo oyandikana m'mbali mwa misewu, banja likukhala kuseri kapena pamwamba pa sitolo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda lidalamula kuti Amwenye achoke m'madera akumidzi ndi kumachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri a iwo adadzaunjikana ku Limbe. Ubale wa mwini sitolo ndi wantchito wake sudali wokoma nthawi zonse, ndipo kubisa zimenezi nkunama. Komabe telala wa pakhonde pa sitolo, wosoka ndi makina ake a Singer, adaphunzitsa ana ake sukulu ndi khonde lomwelo.

M'masiku a atsamunda tauniyi idagawidwa monga mwa khungu. Azungu adali ndi malo awo amitengo ndi kapinga, ndi hotela yawo ya Shire Highlands pafupi ndi siteshoni. Amwenye adali pakati pa tauni. Anthu akuda, amene thukuta lawo linkayendetsa zonsezi, ankakhala m'makomboni a makampani kapena m'midzi yozungulira, nayenda pansi mbandakucha kuti belu la kuntchito lisawapeze panjira. Maina a malo akusungabe mbiri imeneyi. Ambiri amene amati "ndimakhala ku BCA" sadziwa kuti akutchula kampani ya British Central Africa, imene idali ndi malo aakulu m'derali.

Nzosadabwitsa kuti ndale zidapeza nthaka yachonde pamalo otere. Dr Banda atabwerera kumudzi mu 1958 adatsegula chipatala chake ku Limbe. Pamene boma la atsamunda lidalengeza za chisokonezo pa 3 March 1959 ndi kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, ambiri adatsekeredwa kundende ya misasa ya ku Kanjedza, pakhomo penipeni pa Limbe.

Pofika nthawi imeneyo nkuti Limbe atataya kale ufumu wake. M'chaka cha 1956 makhonsolo awiriwa adaphatikizidwa, ndipo mu 1966 Blantyre adakwezedwa kukhala mzinda, Limbe ali m'mimba mwake. Kuyambira apo kalembera amawerenga anthu a ku Limbe pamodzi ndi a mzinda wonse. Mu 1966 mzindawu udali ndi anthu oposa 109,000. Mu 1977 adapitirira 219,000. Mu 1987 adakwana 333,000. Ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 800,264. Chiwerengero chidakula koposa kasanu ndi kawiri m'zaka 52, koma ntchito za m'mafakitale sizidakule motero. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1999 njanji idaperekedwa m'manja mwa kampani yosakhala ya boma. Walira mvula walira matope: tauni yodalira njanji idadwala pamene njanjiyo idadwala.

Mnyamata womaliza Fomu 4 amene atsika basi ku Limbe lero ndi satifiketi m'thumba sapeza belu limene lidaitana agogo ake. Apeza misika yosefukira mpaka mumsewu, ogulitsa kaunjika, okonza mafoni, oitanira minibasi za ku Bangwe, Thyolo, Mulanje ndi Zomba, pakuti misewu yonseyi imakumana pano. Ngati ali ndi mwayi, amene amusunge ndi wachibale wa ku Bangwe kapena ku Misesa, ndiponso mpingo kapena mzikiti wake. Anthu a ku Limbe, popeza onse kwawo nkutali, adaphunzira kale kusonkherana: maliro akagwa, kope limayenda khomo ndi khomo kuti papezeke bokosi ndi galimoto yoperekeza malemu kumudzi. Amayi ali ndi mabanki awo am'mudzi ndi zipereganyu. Khonsolo sidalembe zimenezi m'buku lililonse, koma ndizo zimene zikugwira tauniyi.

Ndipo dzina lokha lidakana kumezedwa. Positi ofesi idakalipo payokha, kotero kuti wolemba kalata amalembabe "Limbe" pa envulopu osaonjezera "Blantyre". Wa ku Kanjedza akati "ndikupita m'tauni", mnzake amayamba wafunsa kuti, "Tauni yake iti?"

M'chigawo chotsatira tidzakwera msewu wa ku Zomba.