Njira Ziwiri Zopangira Mapulogalamu a Kompyuta

Akatswiri olemba malangizo oyendetsa makompyuta, ochedwa mapulogalamu, amasankha pakati pa njira ziwiri.

Yoyamba ili ngati kumanga nyumba: zonse zimalembedweratu nchito isanayambe, ndipo mwini wace amaiona itatha. M'caka ca 1970, Winston Royce wa ku America anacenjeza kuti mwa njirayi zolakwa zimaoneka mocedwa.

Yaciwiri, yochedwa Agile, inalengezedwa ndi akatswiri 17 ku Utah mu 2001. Iwo amapanga pang'onopang'ono, naonetsa mwini wace pakapita masabata ocepa, nakonza zolakwa zikali zazing'ono, monga mlimi wopalira udzu usanakule.

Apolisi a ku America a FBI anataya madola pafupifupi 170 miliyoni pa pulogalamu yopangidwa mwa njira yoyamba, imene anaisiya mu 2005. Yolowa m'malo mwace, Sentinel, anaitsiriza mu 2012 atatembenukira ku njira yaciwiri.

Komabe pa makina oyendetsa ndeke, pamene kulakwa kungaphe anthu, kukonzeratu nkofunikabe. Tsono wosankha adzifunse: kodi zofuna za mwini wace zakhazikika, kapena zidzasintha nchito ili mkati?