Mwini Timu ndi Wochemerera: Mpira M'mapiri a Dedza

Lero tili m'boma la Dedza, komwe mu June ndi July chisanu chimaluma mpaka m'mafupa, komwe phiri la Dedza limayang'ana tauni pansi pake, ndipo msewu wa M1 umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique. Nkhani yathu ndi ya munthu amene sasewera mpira, salandira malipiro ku timu iliyonse, dzina lake silituluka m'nyuzipepala, koma timu yake ikagonja nsima imamukanika kumeza. Ameneyu ndi wochemerera, amene ambiri timangomuti sapota. Mfundo yomwe tikufuna tiione pamodzi ndi yakuti wochemerera ndiye mwini weniweni wa mpira, ndipo tsogolo la masewerowa m'mapiri muno lidalira kumene iye aike mtima wake ndi ndalama yake yochepayo.

Kuti timumvetse bwino munthu ameneyu, timupeze pa masewero a ndime ya chipulula, pomwe wogonja amangolongedza n'kubwerera kwawo. Mu ligi, timu ikagonja lero imadzitonthoza kuti sabata yamawa ikonza. M'chikho mulibe mawa. Pabwalo la sukulu ku Linthipe, ku Bembeke kapena ku Lobi, mphindi 90 zikatha matimu atafanana mphamvu, anthu onse amachoka m'mbali mwa bwalo n'kudzaunjikana kuzungulira golo limodzi. Oimbira amavutika kuwabweza kuti womenya penate apeze pothamangira. Ena amatembenuka kuti asaone, ena agwira kumutu, amayi ogulitsa mandasi ndi mbatatesi yokazinga asiya malonda awo. Mpira ukangogwedeza ukonde, kapena kungodutsa pakati pa mitengo iwiri pomwe ukonde palibe, ana amathamangira m'bwalo, nthungululu zili pakamwa, fumbi lili kobo. Chomwe chimawasonkhanitsa chotere n'chiyembekezo chakuti wamng'ono atha kugwetsa wamkulu. Chiyembekezochi chili ndi umboni wake. Mu 2024 Blue Eagles, itatuluka mu ligi yaikulu chaka cham'mbuyo, idatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pa mapenate. Mu 2010 ku Angola, timu ya dziko lino ya Flames idathira Algeria zigoli 3 kwa 0. Mu January 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango adaponya mpira kuchokera kutali n'kugoletsa Morocco, ndipo ngakhale Malawi idagonja 2 kwa 1, usiku umenewo anthu adakuwa m'midzi ndi m'matauni momwe.

Tsono tione chomwe mbiri ikutiphunzitsa za mphamvu ya anthu amenewa. Timu yomwe lero ikutchedwa FCB Nyasa Big Bullets idakhalapo Bata Bullets, idakhalapo Total Big Bullets, ndiponso Bakili Bullets, dzina lomwe idafika nalo m'ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Wanderers nayo idanyamulapo mayina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Makampani adabwera, adathira ndalama, nthawi yawo itakwana adachoka. Matimu awiriwa adapyola m'zaka za njala chifukwa ochemerera awo, Maule ndi Manoma, sadachoke, adapitirira kudzaza Kamuzu Stadium ndi kunyozana mwachibale kuti neba. Yerekezani ndi MDC United ndi Escom United. Onsewa adatengapo ligi ya dziko lino, adali ndi osewera aluso, koma mizu yawo idali m'maofesi a kampani osati m'mitima ya khwimbi la anthu. Thandizo litaphwa, mayina awo adazimirira mu ligi yaikulu. Phunziro kwa Dedza lili poyera. Dedza Dynamos idayamba kusewera mu TNM Super League mu 2022, ndipo nayo idanyamulapo dzina la kampani yoithandiza, Salima Sugar. Thandizo lotere ndi lofunika ndipo tiyenera kulithokoza, koma chimene chingasunge timu ya bomali kwa zaka makumi ndi anthu olipira pachipata cha Dedza Stadium, kaya kwabwera Mabanker a Silver Strikers kaya timu yosatchuka.

Pano wina anena kuti: mpira wakwathu ndi wosakoma, bwalo ndi la mabampu, nanga ndilekerenji kuonera Arsenal kapena Manchester United? Funsoli ndi lomveka. Pitani pa malo a malonda ngati Chimbiya Loweruka masana, mukapeza bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo la nyumba ya kanema, mkati anyamata atathinana pamabenchi, jenereta ikulira kuseri, akukangana za osewera a ku London ngati adakulira nawo mudzi umodzi. Palibe cholakwa kukonda mpira wabwino, ndipo achinyamata amaphunzirapo luso. Koma tiziona kumene ndalama ikupita. Yolipira pakhomo la kanema imathandiza mwini nyumbayo ndi kampani ya dishi, ndipo siigulako ngakhale nsapato imodzi ya mwana wa ku Mayani. Komanso mpira wa ku England udakoma chifukwa anthu a m'matauni akumeneko adayamba kudzaza mabwalo awo kalekale, masewero asadafike pomwe alipa. Kudikira kuti timu yakwanu iyambe yakoma kenaka mudzaichemerere kuli ngati mlimi wa mbatatesi kunena kuti adzathira feteleza akaona kaye kuti mbewu yabereka.

Wina anena kuti Dedza ndi tauni yaing'ono, singalimbane ndi Blantyre kapena Lilongwe. Tiyeni tione ku America. Mu ligi yawo ya NFL, ya mpira wogwira ndi manja, muli timu ya Green Bay Packers, yochokera mu mzinda wa anthu ongopitirira pang'ono 100,000. Timuyi ilibe mwini mmodzi wachuma, eni ake ndi ochemerera omwe adagula masheya, ndipo yatengapo chikho cha Super Bowl kanayi. M'dziko lomwelo, mpikisano wa basketball wa makoleji umene umachitika mu March umakhala wachipulula, ndipo anthu mamiliyoni amautsatira ngakhale osewerawo ndi ophunzira. Chuma chawo sitingachiyerekeze ndi chathu, koma mfundo yake ikutikhudza: anthu amachemerera sukulu ya kwawo chifukwa ndi ya kwawo. Dedza ili ndi poyambira. Sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, yomwe ambiri amaidziwa kuti Box 48, ndi imodzi mwa sukulu zakale zotchuka m'dziko muno, ndipo pafupifupi sukulu iliyonse ya pulayimale ili ndi bwalo la mpira wamiyendo ndi la ntchemberembaye. Makolo akamapita kukaonerera ana awo, mwana amene adayambira pa mpira wachikulunga amadziwa kuti luso lake lili ndi mtengo, ndipo mtsikana amene akulota zodzakhala ngati Mwawi Kumwenda amalimba mtima. Zikho zimene andale amakhazikitsa chisankho chikayandikira zimatha kampeni ikatha. Mpikisano wa sukulu wochirikizidwa ndi makolo ndi mafumu ungakhalepo chaka ndi chaka.

Chodandaula chachitatu ndicho cholemera kwambiri, ndipo sitingachizembe. Kutengeka mtima kwa ochemerera kumabala ziwawa: kugenda oimbira, kuswa magalasi a basi ya alendo, kulimbana pachipata chifukwa cha zikhulupiriro za mankhwala. Palinso kubetcha, komwe kwafika pa foni ya mnyamata aliyense, moti ena sakondweranso ndi chigoli pokhapokha chikagwirizana ndi tikiti yawo, ndipo ndalama ya mbewu imathera pomwepo. Dziko lino silidzaiwalanso tsiku la 6 July 2017, pomwe anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popondana pachipata cha Bingu National Stadium. Zonsezi ndi zoona, koma yankho lake si kuthamangitsa anthu kumabwalo. Ngozi ya pachipata imapewedwa potsekula zipata nthawi yabwino ndi kugulitsa matikiti pasadakhale. Ziwawa zimachepa pamene ochemerera ali ndi makomiti odziwika, atsogoleri awo akudziwa aliyense ndi dzina, ndipo akuona kuti chindapusa chimene mabungwe oyendetsa mpira a FAM kapena SULOM angagamule chituluka m'thumba la timu yawo yomwe. Munthu amene adasonkha nawo ndalama yogulira yunifomu saponya mwala wotseketsa bwalo lake. Ndipo amene amadziwa goloboyi wa timu yake kuti ndi mwana wa uje wa kutsidya, chigoli chimamukhudza mtima ngakhale asadabetche kalikonse.

Choncho, omvera athu a ku Dedza boma, ku Mtakataka, ku Golomoti ndi ku Kasumbu, pempho la pulogalamu ino ndi losavuta. Onerani mpira wa kunja, tsatirani Maule, Manoma kapena Mabanker monga mwa nthawi zonse, koma timu ya m'boma lanu ikamasewera pakhomo, pitani mukalipire pachipata m'malo modumpha mpanda. Sukulu ya mwana wanu ikafika m'ndime ya chipulula, mukapezeke m'mbali mwa bwalo. Atsogoleri a matimu nawo alembe ochemerera m'kaundula, awapatse makhadi a umembala, ndipo aziwauza poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, chifukwa munthu amapereka mosaumira akamaona kumene ndalama yake yagwira ntchito.